Kasitima ka a Matewere pa Njanji Yatsopano

Ana inu mumakonda kundifunsa kuti miyambi imachokera kuti, ngati kuti kuli golosale kumene akuluakulu amakaigula. Ine ndaphunzitsa Chichewa zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo ndinaona kuti mwambi uliwonse umayamba wapweteka munthu wina. Lero ndikuuzani za umodzi. Ena adzakuuzani kuti mwambi umenewu ndi wakale kuposa njanji, ndipo musakangane nawo. Ine ndikungokuuzani mmene unandifikira, kudzera pakhoma la nyumba ya lendi ku Luchenza.

Chaka china anandisamutsira kusukulu ina ya kumeneko ndili kale mayi wa imvi zingapo. Nyumba imene ndinapeza inali yogawa pakati. Mbali imodzi ndinkakhala ine, mbali inayo eninyumba, a Matewere.

A Matewere anali dalaivala wa sitima wopuma pantchito. Anayambira pa sitima za malasha, zija zinkalavula utsi pokwera mapiri a Thyolo, ndipo anamalizira pa za dizilo. Anali wamtali, woongoka, wometa ndevu m'mawa uliwonse ngakhale analibe kopita. Ukawapatsa moni ankayankha ndithu, koma ankayankha ngati munthu amene sitima ikumusiya. Akazi awo, mayi Nachisale, anali atamwalira zaka zitatu m'mbuyomo. Mwana wawo mmodzi yekha, Elube, ankagwira ntchito ya unamwino kutsidya la nyanja. Chichitikireni maliro aja, a Matewere anasiya kupita kubawo, anasiya kukhala pakhonde, ndipo kutchalitchi ankatuluka nyimbo yomaliza isanathe kuti asapatsane moni ndi anthu. Kunena zoona, poyamba sindinkawakonda.

M'chipinda chawo chochezera munalibe mipando. Anaitulutsa okha, poti panalibe woikhalira. M'malo mwake anayala zitseko ziwiri zakale pamwamba pa migolo, n'kukhala chithebulo chachitali kuchokera pawindo mpaka pakhoma langa. Pamenepo ndi pamene pankayenda kasitima kawo.

Musaganize za zidole za pulasitiki zogulitsa pamsika. Aka kanali kainjini kachitsulo, kotalika ngati chikhatho ndi theka, kolemera ngati mwala wonolera mpeni, kokhala ndi chumuni ndi mikono yoyendetsa mawilo ngati injini yeniyeni. Anawapatsa ndi kapitawo wina wa kushedi, kokonzera sitima, ku Limbe pamene kapitawoyo ankabwerera kwawo, a Matewere ali mnyamata. Kankayendera magetsi a batire odutsa m'njanji zake, ndipo liwiro ankalisintha popotokola kachitsulo ka pakabokosi. Kale, madzulo a Lamulungu, mayi Nachisale ankakhala pambali akuluka, kasitima kakuzungulira. Koma m'miyezi imene a Matewere ankadwazika akazi awo kuchipatala, denga linadontha, ndipo njanji zakale zamalata zinadyeka ndi dzimbiri mpaka kubooka. Kuyambira pamenepo kainjini kanangokhala m'bokosi la nsapato.

Zinthu ziwiri zinawafikira m'mwezi umodzi. Choyamba anali mawu a dokotala wa maso. Anawauza kuti si ng'ala imene angathe kuichotsa, koma mtsempha wa m'diso ukufa pang'onopang'ono. Mankhwala odonthezera akanangochedwetsa, koma kuwala kunali kupita ndithu, mwina pasanathe chaka. Chachiwiri linali phukusi lochokera kwa Elube. Mwanayo, posowa chochitira bambo ake ali kutali, anawagulira njanji zatsopano.

Tsiku limenelo ndi limene anandilankhula koyamba mawu opitirira moni. Anandiitana kuti ndiwawerengere kalata ya m'phukusimo, chifukwa zilembo zinali zitayamba kuwathawa.

"Akuti muziyendetsa kasitima kaja ngati kale, kuti musamasungulumwe," ndinatero.

"Ndani anamuuza kuti ndimasungulumwa?" anafunsa a Matewere. Kenaka anasisita njanji imodzi ndi chala, nanena motsitsa mawu, "Ndikufuna ndikaone kakuzungulira kamodzi kokha, mayi aphunzitsi, maso asanatseke. Kamodzi basi, kuchoka pano n'kubwerera pano."

Njanji zatsopanozo zinali zokongola, zonyezimira, zopyapyala, zokhazikidwa pa timitanda ta pulasitiki. Anazilumikiza tsiku lomwelo. Zidutswa zinali zowerengeka, ndipo kuti mzere ukumane panafunika kuika chidutswa chilichonse, kuphatikizapo chimodzi cha mphambano, pamene njanji imagawikana pawiri. Anthu a njanji amati pamenepo ndi pa mapoyinti. Chidutswa chimenecho chinakhala kumapeto kwa thebulo, pafupi ndi khoma langa, kutali ndi pawindo pamene a Matewere ankaima ndi kabokosi kawo kuti aziona bwino.

Vuto linali m'mawilo. Wilo la sitima lili ndi kamlomo m'mphepete kamene kamagwira njanji kuti lisaterereke. Mawilo a kainjini kakale anali ndi milomo yaitali, yopangidwira njanji zakale zija zimene zinali zazitali msinkhu. Njanji zatsopano zinali zazifupi, ndiye milomoyo inkagunda timano ta pulasitiki togwira njanji, kasitima n'kumayenda modumphadumpha ngati ngolo pamsewu wa miyala. Pamzere woongoka kankalimbikira. Koma kakafika pa mapoyinti, kakabwera pang'onopang'ono kankaima, magetsi n'kuduka. Kakabwera mothamanga kankakankha lilime la mapoyinti, kachitsulo kosuntha kosankha njira, n'kulumpha, n'kugona chammbali.

Ine zonsezi ndinkazimvera pakhoma ndikuchonga makope. Gudugudugudu, kenaka khwa! Kenaka zii. Kenaka mapazi a munthu wamkulu akuzungulira thebulo kukadzutsa kainjini, n'kubwereranso pawindo. Tsiku limodzi ndinawerenga maulendo makumi awiri ndi asanu ndi awiri. Panalibe mawu a munthu, ngakhale kutukwana komwe. Ndinamva chisoni, ndipo tsiku lina ndinagogoda.

"Bambo, kodi sindingakugwirireni mbali inayo?"

"Zikomo, mayi. Ndinayendetsa sitima ya mabogi makumi atatu. Aka sikangandikanike."

Anatseka chitseko mwaulemu, koma anatseka. Ndinabwerera kumakope anga ndikung'ung'udza kuti fisi akagwa m'mbuna salankhula, koma awa ndiye aonjeza.

Tsono kumsika wa Luchenza, kuseri kwa ogulitsa makala, kunali mkulu wina wokhoma zidebe ndi mbaula, dzina lake a Chikopa. Anali wamfupi, wa manja akuda ndi mwaye, wokonda kuseka. Amenewa ndi amene anali fayamani wa a Matewere, ndiye kuti wothira malasha m'ng'anjo ya injini, kwa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Sitima za dizilo zitabwera, ntchito yothira malasha inatha. A Matewere anakwera injini yatsopano atavala malaya oyera, a Chikopa anapita kukakhoma zidebe. Panalibe mkangano pakati pawo, koma a Matewere ankachita manyazi kuima pamsasa wa mnzawoyo, ndipo manyazi akakhalitsa amasanduka kunyada. Pamaliro a mayi Nachisale a Chikopa anagona pasiwa masiku onse. Pambuyo pake anabwera katatu kudzazonda, ndipo katatu konse anauzidwa pakhomo kuti, "Ndili bwino." Ulendo wachinayi sanabwerenso.

Patatha miyezi iwiri ya gudugudu ndi khwa, a Matewere anavala jekete napita kumsika. Zimene anakambirana kumeneko anandiuza ndi a Chikopa patapita nthawi.

"Chikopa, undibwereke tupa."

"Adalaivala! Muli moyo? Khalani pansi kaye, tupa sathawa."

"Ndili ndi changu."

"Changu cha chiyani, poti sitima zonse zinatisiya? Mukufuna kupala chiyani?"

A Matewere anazengereza, kenaka anafotokoza mwachidule. Anati akufuna kupala milomo ya mawilo kuti ifupike, ikwane njanji yatsopano.

A Chikopa anaika nyundo pansi. "Kainjini kaja ankakakonda mayi Nachisale? Adalaivala, nsapato ikathina sitisema phazi. Mawilo sanalakwe. Ndiloleni ndibwere ndidzaone mapoyintiwo, mwina n'kanthu kakang'ono."

"Ndapempha tupa, sindinapemphe munthu."

A Chikopa anandiuza kuti mawu amenewo anawalasa, koma anaona mmene a Matewere ankaphethirira pofunafuna nkhope yawo, ndipo anazindikira kuti maso akupita. Anatenga tupa nawaika m'manja. Anangoti, "Msasa wanga susuntha. Mukadzafuna mwini wake wa tupayu, mudzatume mawu."

A Matewere sanayambe kupala tsiku lomwelo. Tupa anakhala pawindo nyengo yonse ya dzinja, chifukwa mtima unkawaletsa. Ankayesa njira zina. Anaika ndalama yachitsulo pamwamba pa kainjini kuti kalemere, anapaka njanji palafini, anatsamiritsa thebulo ndi njerwa. Pa mapoyinti kankagwabe. Nthawi yonseyi dziko lawo linkachepa. Anayamba kugunda chidebe changa chamadzi pakhonde. Anayamba kundipatsa moni ndisanafike, atamva mapazi, kuti ndisadziwe kuti sakundiona. Akaima pawindo, mapeto a thebulo lawo lomwe anali atasanduka nkhungu. Sankaonanso kasitima kakufika pa mapoyinti, ankangomva kakugwa.

Elube ankaimba foni Loweruka lililonse. Ndinkawamva akuyankha, "Kakuyenda bwino kwambiri, mwanawe. Njanji zako n'zabwino." Akatseka foni, m'nyumbamo munkakhala chete wolemera, moti ine ndinkatsegula wailesi kuti ndisamumve.

Tsiku lina m'mwezi wa Meyi, dzuwa lili paliwombo, ndinamva kulira kwa tupa pachitsulo. Anapala kwa nthawi yaitali. Munthu wosaona bwino amapala ndi mphamvu poganiza kuti sanapale, ndipo a Matewere anadya mlomo wonse wa wilo lakutsogolo mbali imodzi. Anaika kainjini panjanji napotokola kachitsulo. Ulendo uno sikanafike n'komwe pa mapoyinti. Pokhota poyamba penipeni, wilo lopanda mlomo linaterereka, kainjini kanapitirira m'mphepete mwa thebulo, n'kugwera pasimenti. Phokoso lake silinali khwa wa masiku onse, ndipo ndinaimirira cholembera chili m'manja.

Ndinadikira kumva mapazi, koma ndinamva kukwawa. Ndinatuluka n'kusuzumira pachitseko chimene chinali chotsegula pang'ono. A Matewere, dalaivala wa mabogi makumi atatu, anali atagwada pansi akupapasa simenti ndi manja onse awiri. Dzuwa linali ngwee m'chipindamo. Kainjini kanali pafupi ndi bondo lawo, kakuda pasimenti yoyera, ndipo iwo ankakafunafuna kumbali ina.

Anamva kupuma kwanga. Anakhala pansi, natsamira mgolo.

"Mayi aphunzitsi, kodi kunja kwachita mitambo?"

"Ayi, bambo. Kuli dzuwa."

Kenaka a Matewere anati, "Mukapita kumsika, kuseri kwa amakala kuli munthu wokhoma zidebe. Mukamuuze kuti Matewere akufuna mwini wake wa tupa."

Sindinadikire za kumsika za mawa. Ndinapita nthawi yomweyo, nditavala patapata.

A Chikopa anafika ndi kathumba ka zipangizo. Sananene kuti ndinakuuzani, ngakhale ine ndikanakhala iwo ndikananena. Anatola kainjini, nakatembenuza, naimba mluzu wachisoni ataona wilo lija. Chumuni chinali chitapindika pang'ono, koma mtima wake unali wamoyo. M'bokosi la nsapato munali kabogi kakale ka mtundu womwewo. Anachotsako mawilo awiri naika kutsogolo kwa kainjini. Kenaka anawerama pa mapoyinti, nayendetsa kainjini ndi dzanja uku ndi uku, akuyang'anitsitsa.

"Achimwene," anatero, ndipo aka kanali koyamba kuwatchula choncho, "kangalande ka pulasitiki kodutsamo mlomo wa wilo n'kosaya. Ndi pamenepa pofunika tupa."

Anapala katatu kokha, mopepuka, nauzira fumbi lake. Ntchito imene inadya miyezi isanu ndi iwiri ya maso a munthu inathera pamenepo. Ine ndinakwiya, sindikudziwa kuti ndinakwiyira ndani.

"Komabe," anapitiriza a Chikopa, "lilime la mapoyintiwa n'lofewa, kainjini aka n'kolemera. Pafunika chala choligwira pamene kakudutsa. Ndiponso pafunika kuchepetsa moto kasanafike, n'kuwonjezera kali pakati penipeni. Inu muli uko simungadziwe nthawi yake."

"Sindikuona n'komwe pamene waima," anatero a Matewere.

"Nanga kufupi ndi siteshoni ya Sankhulani munkaona? Pokhota paja potsika phiri, thanki ya injini inkakutsekerani mbali yonse ya kumanzere. Siginolo yolola sitima kudutsa ankakuonerani ndani?"

A Matewere anapapasa mpaka anapeza kabokosi, naika zala pa kachitsulo, naongoka monga ankaimira pantchito.

"Fayamani, njira ili bwanji?"

"Njira ili yoyera, adalaivala. Tiyeni."

Kainjini kananyamuka. Gudugudugudu, kudutsa pawindo, kukhota koyamba, kutsika mbali yaitali ya thebulo.

"Chepetsani! Chepetsaninso. Gwirani pomwepo." A Chikopa anali atatsindika lilime la mapoyinti ndi chala chawo chakuda. "Tsopano, moto!"

Ndinamva kagwedegwede kakang'ono, ndipo khwa uja sanabwere. Kainjini kanadutsa, kanakhota kumapeto, kanabwerera mbali inayo, mpaka kanafika pansi pa dzanja la a Matewere. Iwo anakamva kakudutsa, ndipo sanakaimitse. Kanazungulira kachiwiri, kachitatu, a Chikopa akuitana, a Matewere akuyankha ndi zala.

Pa ulendo wachinayi a Matewere anafunsa, "Kakuoneka bwanji?"

"Mikono yake ikupalasa bwino. Chumuni chapendekera pang'ono ngati chipewa cha munthu woledzera. Dzuwa likuwala pamsana pake."

A Matewere anatseka moto, kainjini n'kuima. Misozi inkatsika pankhope yometedwa bwino ija, ndipo sanaipukute.

"Ukanabwera tsiku lija la tupa, ndikanakaona ndi maso anga," anatero.

"Mukanakaona, achimwene."

"Ndinachedwa, Chikopa."

"Munachedwa. Koma batire likadali ndi moto. Tiyeni tizungulirenso."

Chimene ankachifuna sanachipeze, ana inu, ndipo sindikunamizani kuti anachipeza. Kasitima kanazungulira, koma maso anali atapita kale. Mpaka lero ndikakumbukira zimandipweteka, chifukwa pakati pa nyumba ija ndi msasa wa a Chikopa panali mtunda woyenda mphindi khumi.

Kuyambira sabata imeneyo a Chikopa ankatseka msasa msanga Lachitatu ndi Loweruka, n'kubwera kudzawatenga. Ankapita limodzi kumsika, a Chikopa patsogolo, dzanja la a Matewere lili paphewa pawo. Tsiku lina podutsa pabawo, mkulu wina wolongolola anafuula kuti, "A Matewere! Inu amene munkatsika phiri la Thyolo ndi sitima yodzaza, mvula ikugwa, osaphethira, lero mukuopa kuwoloka msewu nokha?"

Anthu anaseka. A Matewere anaima, natembenukira kumene kunachokera mawuwo.

"Phiri limenelo ndinalitsika ndekha liti? Ine ndinkaona mbali imodzi, uyu ankaona inayo. Zaka zonsezo ndinkayesa kuti wolimba mtima ndine, chonsecho ndinkayendera maso a mnzanga. Kuyenda awiri si mantha."

Pabawo wina anabwereza mawuwo chapansipansi. Posakhalitsa ndinayamba kuwamva pachigayo ndi pamjigo, amayi akuitanizana popita kunkhuni, ngakhale kwa anthu amene sanaonepo kasitima kaja.

Kuyenda awiri si mantha. Tanthauzo lake ndi lakuti kupempha mnzako kuti akuperekeze, kapena akugwirire mbali imene iwe sungafikire, si kufooka ndipo si uchitsiru. Munthu aliyense, ngakhale katswiri, ali ndi mbali imene saona, ndipo amene wayenda ndi mnzake amaona mbali zonse ziwiri. Mwambiwu timauza munthu amene akukana thandizo poopa kuti anthu amuyesa wamantha kapena wolephera. Inu mukadzaumva ukunenedwa kwa inu, musadzadikire kuti mugwade pasimenti. A Matewere anaunena bwino mwambiwu, koma anaunena ali mumdima.